Mmene Mkhristu Angalankhulire Wina Akamazunzidwa

Miyambo 31:8-9 imatilamula kulankhulira amene sangathe kudziyankhulira. Koma kulankhula mopupuluma kumaonjezera mavuto kwa wozunzidwayo.

Yambani ndi mwini wake. Kaya ndi mwana wa giredi 6 amene anzake amamulanda ndalama ya basi, kaya mtsikana wantchito amene sakulipidwa, mutengereni pambali, mumve zimene akufuna. Lembani tsiku, malo, mawu amene ananenedwa ndi amene anaona. Chikakhala chipongwe cha pa WhatsApp, jambulani uthengawo usanafufutidwe, koma musautumize ku gulu la mpingo, kumeneko n'kumuchititsanso manyazi.

Abale akalakwirana mumpingo, Mateyu 18:15-17 akupereka njira: poyamba awiriwiri, kenako ndi mboni imodzi kapena ziwiri, pomaliza mpingo. Apa ndi pamene ambiri amasokonezera. Mwana akamenyedwa mpaka kuvulala kapena akagwiriridwa, ena amati, "Tikakambirane kwa abusa." Ayi, umenewo ndi mlandu, ndipo kuubisa kumangoteteza wolakwayo. Imbani 116, nambala yaulere ya Childline Zambia yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit (nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa) ku polisi yapafupi, kaya ku Matero kapena ku Chawama mu Lusaka. Apolisi amapereka fomu yoti dokotala alembepo za mabalawo, choncho musadikire kuti apole.

Kusukulu, onanani ndi mphunzitsi wa kalasi, zikakanika lemberani ahedi kalata n'kusunga kope lake. Ikatha sabata mufunsenso mwanayo, chifukwa ovutitsa anzawo amakonda kubwezera panjira yobwerera kunyumba, kumene aphunzitsi saona.