Zithunzi zili pa NAS koma pulogalamu ikukana kuzigwira: momwe mungakonzere vuto la zilolezo

Mwasamutsira zithunzi zanu zonse pa NAS, kabokosi ka madisiki kolumikizidwa ku netiweki kaja, kuti kompyuta iliyonse izizipeza. Patangopita masiku ochepa, pulogalamu yosanjira zithunzi yayamba kulemba kuti "Permission denied", kapena zithunzi zikuoneka bwinobwino koma simungazisinthe dzina, kuzifufuta kapena kuziika ma tag. Nthawi zambiri madisiki amakhala ali bwino. Chimene chimavuta n'chakuti amene akupempha fayiloyo kwa NAS si munthu amene inu mukuganiza. Ndiye ntchito yonse ndi kupeza kuti akupemphayo ndani, kenako n'kumupatsa chilolezo choyenera.

Choyamba: siyani kaye pulogalamuyo

Tsegulani foda ya zithunziyo mu File Explorer pa Windows kapena mu Finder pa Mac. Pangani foda yatsopano m'kati mwake, isintheni dzina, kenako ifufuteni. Zikatheka apa koma pulogalamu n'kumakanabe, ndiye kuti pulogalamuyo ikugwira ntchito ndi akaunti ina, osati yanu. Pitani pa gawo lachinayi. Zikakanika apanso, pitirizani m'munsimu.

Chachiwiri: zilolezo zili pawiri

Pa NAS pali mlonda wa pageti komanso loko wa pachitseko. Mlondayo ndi chilolezo cha foda yogawana, chimene mumachiika pa tsamba loyendetsera NAS. Lokoyo ndi chilolezo cha fayilo iliyonse payokha. Chimodzi chikakana, simulowa, ngakhale chinacho chitavomera.

Pa NAS ya kampani ya Synology, lowani mu Control Panel, sankhani Shared Folder, dinani Edit, kenako Permissions. Onani akaunti yanu, komanso magulu onse amene akauntiyo ili. Apa ndi pamene ambiri amagwa: ngati muli m'magulu awiri, lina lili ndi "Read/Write" lina "No access", chimene chimapambana ndi "No access".

Chachitatu: kompyuta ikulowa ndi dzina liti?

Windows imasunga dzina ndi pasiwedi zimene munalowa nazo ulendo woyamba, ndipo imapitiriza kuzigwiritsa ntchito osakufunsani. Tsegulani Command Prompt mulembe `net use` kuti muone zimene zalumikizidwa, kenako `net use * /delete` kuti muzidule zonse. Mukatero lowani mu Credential Manager muchotse zimene zasungidwa za NAS yanu. Mukaona uthenga wa nambala 1219, Windows ikukuuzani kuti siyilola kulumikiza seva imodzi ndi mayina awiri nthawi imodzi. Pa Mac, zoterezi zimasungidwa mu Keychain. Chotsani za NAS, n'kulumikizanso ndi akaunti yoyenera.

Chachinayi: manambala, osati mayina

Gawo ili ndi limene limadya nthawi, choncho lidekereni. Ma NAS ambiri amayenda pa Linux, ndipo Linux sisamala za dzina lanu. Imazindikira munthu ndi nambala yotchedwa UID, ndipo gulu ndi nambala yotchedwa GID. Akaunti yoyamba pa kompyuta ya Ubuntu kapena Debian imapatsidwa 1000. Pa Mac ndi 501. Pa Synology akaunti yoyamba imene mwapanga kawirikawiri imakhala 1026, m'gulu la users la nambala 100. Mungakhale ndi dzina limodzimodzi pa makina onse atatu, koma kwa NAS amenewa ndi anthu atatu osadziwana.

Pa kompyuta imene pulogalamu ikuyendera, lembani `id` mu Terminal. Kenako lowani mu NAS kudzera pa SSH (njira yolembera malamulo pa makina ena kudzera pa netiweki), mulembe `ls -ln` m'foda ya zithunzi. Chilembo n chija chimachititsa kuti muone manambala enieni m'malo mwa mayina. Yerekezerani ziwirizo.

Ngati mukulumikiza ndi NFS (imodzi mwa njira zogawanira mafoda pa netiweki), manambalawo ayenera kufanana, chifukwa NFS yamasiku onse imangotumiza nambala basi. Palinso root_squash: pulogalamu ikabwera ngati root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse), NAS imaitsitsa n'kukhala nobody, nambala 65534, amene saloledwa pafupifupi chilichonse. N'chifukwa chake kulemba `sudo` (lamulo loyendetsa zinthu ngati root) sikuthandiza apa, ndipo nthawi zina kumangowonjezera vuto.

Ngati mukulumikiza ndi SMB (njira ina yogawanira mafoda) kuchokera pa Linux, onani mzere wa foda yanu mu `/etc/fstab`. Mukapanda kuikapo `uid=1000,gid=1000` kapena manambala anu enieni, mafayilo onse amaoneka ngati a root, ndipo akaunti wamba imangotha kuwerenga.

Mapulogalamu oyenda mu Docker (imene imaika pulogalamu iliyonse m'kabokosi kakekake kotchedwa container) ali ndi akaunti yawoyawo m'kati. Ma image (mapulogalamu okonzedwa kale a Docker) a LinuxServer.io amafuna muike `PUID` ndi `PGID`, pomwe pulogalamu ya zithunzi ya PhotoPrism ili ndi `PHOTOPRISM_UID` ndi `PHOTOPRISM_GID`. Ikani manambala a mwini wa mafayilo aja munawaona pa NAS. Onaninso ngati mzere wolumikiza fodayo sukuthera ndi `:ro`, chifukwa zilembo ziwirizo zimaletsa kulemba kulikonse.

Chachisanu: konzani umwini ndi zilolezo

Musanalembe lamulo lililonse lokhala ndi `-R` (chimene chimakhudza zonse za m'kati mwa foda), onetsetsani kuti zithunzizo zili ndi kope kwina, ndipo yambani ndi foda imodzi yaing'ono. Kulakwitsa njira ya foda pa lamulo lotere kungasokoneze NAS yonse.

Yang'ananinso zimene `ls -ln` yaonetsa. Ngati kumapeto kwa zilembo za chilolezo kuli chizindikiro cha +, monga `drwxrwxrwx+`, fodayo ili ndi ACL, mndandanda wina wa zilolezo. Pamenepo musagwiritse ntchito `chmod` (lamulo losinthira zilolezo), chifukwa lingasokoneze mndandandawo. Konzerani pa tsamba la NAS, ndipo chongani kabokosi kofalitsa chilolezocho ku mafoda ndi mafayilo onse a m'kati.

Ngati + palibe, malamulo atatu awa ndi okwanira:

`chown -R 1026:100 /volume1/zithunzi`

`find /volume1/zithunzi -type d -exec chmod 2775 {} +`

`find /volume1/zithunzi -type f -exec chmod 664 {} +`

Sinthani manambala ndi njirayo zigwirizane ndi zanu. Mafoda ndi mafayilo tawapatula dala: foda imafuna chilolezo cha x kuti munthu alowemo, pomwe chithunzi sichichifuna. Foda imodzi yokha ya pamwamba ikasowa x, zonse za m'munsi mwake zatsekeka. `namei -l` yotsatiridwa ndi njira ya chithunzi chimodzi imakuonetsani pamene patsekeka. Nambala 2 ya kumayambiriro kwa 2775 imachititsa kuti fayilo yatsopano iliyonse itenge gulu la fodayo.

Pa intaneti mupeza ambiri akulangiza `chmod 777`. Imagwiradi, koma mwatsegulira akaunti iliyonse kuti ifufute zithunzi zanu, ndipo simunadziwebe chimene chinavuta. Komanso sikhalitsa: zithunzi za mawa zikalowa ndi umask 022 (umask ndi nambala imene imasankha zilolezo za mafayilo atsopano), gulu silithanso kuzilemba. Ikani umask 002 pa pulogalamu imene imalowetsa zithunzi.

Chachisanu ndi chimodzi: mwina si chilolezo n'komwe

Zithunzi zenizenizo zimakhala bwino pa NAS, koma database ya pulogalamu (fayilo imene imasunga zambiri za zithunzizo) ayi. Lightroom Classic imakaniratu kutsegula catalog (database yake) imene ili pa netiweki. Apple imanena kuti library ya Photos isaikidwe pa foda ya pa netiweki, koma pa disiki ya APFS kapena Mac OS Extended. Nayo digiKam, ikamagwiritsa ntchito SQLite, imafuna database yake ikhale pa kompyuta. Chifukwa chake n'chakuti database imatseka ndi kutsegula fayilo yake kambirimbiri, ndipo kutseka kumeneku sikudalirika pa netiweki. Uthenga umene umatuluka umafanana ndi wa chilolezo, moti munthu angathe tsiku lonse akusintha zilolezo zimene zinali bwino kale. Sunthirani database pa disiki ya kompyuta, zithunzi zitsale pa NAS.

Mukamaliza, dulani kulumikizanako n'kulumikizanso, kapena yambitsaninso container. Lowetsani chithunzi chimodzi chatsopano kudzera mu pulogalamuyo, chiikeni tag, kenako lembani `ls -ln` pa NAS. Chithunzicho, pamodzi ndi kafayilo kake ka XMP (kosungira ma tag) ngati pulogalamu yanu imapanga, ziyenera kuonetsa mwini ndi gulu zofanana ndi zinzake zakale.