Momwe gulu lanu lingasakire khodi msanga lisanaipatse AI ntchito

Gulu la olemba mapulogalamu likafika anthu khumi kapena kuposerapo, sipakhalanso munthu wodziwa khodi yonse pamtima. Wina amagwira za malipiro a Airtel Money ndi TNM Mpamba, wina za malisiti, wina ali ku Lilongwe amangotumiza ntchito pa intaneti, ndipo amene analemba gawo la misonkho anasiya ntchito kalekale. Mnyamata wongochoka kumene ku Mzuni akafunsa kuti "Akuluakulu, VAT timaiwerengera pati?" aliyense amaloza kwake. Apa magulu ambiri amathamangira GitHub Copilot kapena Cursor, zida za AI zothandiza kulemba khodi, poganiza kuti AI iwayankha. Ine ndikuti yambani ndi kusaka. AI imayankha bwino pa khodi imene yaiona, koma imene sinaione imangopeka, ndipo imapeka mopanda manyazi.

Tigwiritse ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: msonkho wa VAT wasintha kuchoka pa 16.5, ndipo mukufuna kupeza paliponse pamene nambalayi inalembedwa.

Choyamba, sonkhanitsani khodi pamodzi

Palibe chida chimene chingasake pulogalamu imene ili pa fulashi m'thumba la munthu. Chilichonse chilowe mu Git, chida chosunga khodi ndi mbiri ya kusintha kwake, ndipo ma repo onse (repo ndi nkhokwe ya khodi mu Git) akhale pansi pa akaunti imodzi ya gulu, kaya pa GitHub, pa GitLab kapena pa seva yanu ya muofesi. Zakale zimene sizikugwiranso ntchito zilembeni kuti n'zakale, kuti wina asadzakonze pulogalamu yakufa.

Musanapite patali, yendetsani gitleaks pa repo iliyonse. Ndi kachida kaulere kosaka mapasiwedi ndi makiyi a API (makiyi achinsinsi amene pulogalamu imalumikizirana nawo ndi mapulogalamu ena) amene anthu anaiwala m'khodi. Mukapeza kiyi, kufufuta mzerewo sikokwanira, chifukwa Git imasunga mbiri yonse. Isintheni kiyiyo kumene inachokera, yatsopanoyo ikhale mu .env, fayilo yosungira zinsinsi zotere, ndipo .env ilembedwe mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo amene Git siyenera kusunga.

Chachiwiri, aliyense aphunzire kusaka pa kompyuta yake

Pano pakufunika nthawi, chifukwa ndi pamene pali phindu lalikulu ndipo simulipira tambala. Ikani ripgrep, imene pa teminolo (windo lolembamo malamulo a kompyuta) imalembedwa kuti rg. Imathamanga kwambiri ndipo imadumpha yokha mafayilo amene ali mu .gitignore, choncho simumira m'zinyalala za node_modules, foda ya khodi ya anthu ena imene pulogalamu yanu imadalira.

Wosazolowera amalemba rg "VAT" n'kuganiza kuti wamaliza. Ayi ndithu. Wina analemba 16.5, wina 0.165, wina anachulukitsa mtengo ndi 1.165, wina anatchula "msonkho", wina "tax". Sakani nambala yeniyeniyo m'maonekedwe ake onse:

rg "16\.5|\.165"

Kamzere kopendekera kaja kakuuza rg kuti dontho ndi dontho basi, osati chilembo china chilichonse. Mukafuna kuona mizere itatu yozungulira chimene mwapeza, onjezani -C 3. Mukafuna mafayilo a PHP okha, onjezani -t php.

Mwapeza malo asanu ndi atatu, tiyerekeze, koma amodzi akukukayikitsani. Musafufute kaye. Funsani Git kuti anaika ndani, liti, ndipo chifukwa chiyani:

git log -S"1.165" --oneline

Lamulo limeneli limaonetsa nthawi imene nambalayo inalowa kapena kuchoka m'khodi. Mwina mupeza kuti mzerewo ndi wowerengera malisiti a chaka chatha, amene ayenera kukhalabe pa msonkho wakale. Kuusintha kungasokoneze mabuku a kasitomala. Zoterezi AI singazidziwe pokhapokha mutaiuza.

Chachitatu, khalani ndi posakira ma repo onse nthawi imodzi

Ma repo akachuluka, palibe amene amakhala nawo onse pa laputopu. Ngati muli pa GitHub, kusaka kwake kwatsopano kumene kunatsegulidwa kwa onse mu 2023 kumalola kulemba chonchi:

org:dzinalagulu /16\.5|\.165/ language:php

Dziwani kuti kumasaka nthambi yaikulu yokha ya repo (nthambi zinazo ndi makope ogwirirapo ntchito pambali), ndiye ntchito imene ili pa nthambi zina simuiona. Sourcegraph, chida china chosakira khodi, imachita zoposa apo, imasaka ngakhale khodi ili pa GitHub ndi GitLab nthawi imodzi, koma ndi yolipira, ndipo kulipira madola pamutu pa munthu aliyense si nkhani yaing'ono m'dziko muno momwe ndalama zakunja zikuvutiramu.

Kwa gulu la kuno ku Mzuzu ine ndingasankhe Zoekt. Ndi yaulere, ndipo ndi injini yomwe Sourcegraph imagwiritsa ntchito pansi pake. Imadula khodi m'tizidutswa ta zilembo zitatuzitatu n'kusunga mndandanda wake, n'chifukwa chake yankho limabwera musanachotse chala pa batani. Pezani kompyuta imodzi yakale ya muofesi, kokerani ma repo onse mmenemo, yendetsani zoekt-git-index pa iliyonse, kenako yatsani zoekt-webserver. Aliyense wa pa Wi-Fi ya muofesi atsegula adiresi ya kompyutayo mu browser, pa poti 6070, n'kuyamba kusaka. Ikani cron, chida choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti izikoka zatsopano usiku uliwonse. Kompyutayo ilumikizeni ku invetala kapena UPS, kuti magetsi akathima ntchito isaime. Ubwino wina ndi woti intaneti ikadula, kapena bandulo ikatha pakati pa mwezi, kusaka kumapitirirabe.

Chachinayi, tsopano bweretsani AI

Sankhani chida chimodzi kapena ziwiri za gulu lonse, osati aliyense chake. Copilot, imene inayamba kuyesedwa mu 2021, imakhala mkati mwa pulogalamu yolembera khodi ya VS Code n'kumakumalizirani mizere. Zina monga Claude Code zimagwira ntchito pa teminolo, zimatsegula mafayilo ndi kusaka zokha. Yesani ndi anthu ochepa kwa mwezi umodzi musanalipirire onse.

Kenako ilembereni malangizo. Copilot imawerenga fayilo ya .github/copilot-instructions.md, Claude Code imawerenga CLAUDE.md, ndipo zida zingapo zimawerenga AGENTS.md. Musalembemo nkhambakamwa. Lembani zimene mungauze wantchito watsopano tsiku loyamba: ndalama timasunga m'matambala ngati nambala yathunthu, nambala za foni zimayamba ndi +265, mayeso timayendetsa ndi lamulo lakuti, foda yakutiyakuti osaikhudza.

Pofunsa, ipatseni zimene mwasaka zija. Kungoiuza kuti "sintha VAT paliponse" kuli ngati kutuma mlendo mumsika wa Mzuzu kuti akagule usipa osamuuza kolowera: abwera nacho chinachake, koma si chimene munamutuma. Iuzeni chonchi: m'mafayilo asanu ndi awiri awa nambala ya msonkho inalembedwa pamanja; ichotse, ikhale malo amodzi mu config, fayilo ya makonzedwe a pulogalamu; fayilo ya malisiti akale usaikhudze; lemba mayeso oonetsa kuti lisiti lakale silinasinthe. Ntchito yoti mukanatha nayo masana onse imatha tiyi asanazizire, ndipo mukudziwa chimene mukuyembekeza kuona.

Ikamaliza, bwerezani rg ija. Pakatsala 16.5 pamalo pamene simunayembekezere, ntchito sinathe, kaya AI yanena motani.

Zimene siziyenera kutuluka muofesi

Chilichonse mwaika m'bokosi la AI ya pa intaneti chimapita ku seva zakunja. Khodi ya kasitomala mufunse kaye mwini wake. Mayina a odwala, nambala za ziphaso ndi mbiri ya ngongole za anthu zisalowemo n'komwe, ngakhale mukungofuna thandizo pa SQL. Pekani mayina abodza. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo MACRA ndiyo imaliyang'anira. Ngati ntchito yanu ndi ya chipatala kapena SACCO, ganizirani Ollama, imene imayendetsa AI pa kompyuta yanu yomwe popanda kutumiza kanthu kunja. Mitundu yaing'ono ya AI imatha kuyenda pa kompyuta ya RAM ya 8 GB. Nzeru zake sizifika pa zolipira zija, koma pofotokoza khodi yakale kapena kulemba mayeso imathandiza.

Khodi ya AI idutse pa pull request, ndiye kuti mnzanu aiunike isanalowe m'khodi ya gulu, ngati ina iliyonse, ndipo wotumizayo ndiye mwini wake. Wowunika asankhe mzere umodzi n'kufunsa kuti "Apa zikutani?" Wotumiza akayankha kuti "Ndi Copilot inalemba," ibwezeni akaiwerenge kaye. Muchepetsenso kukula kwa zotumiza, chifukwa AI imatha kusintha mafayilo makumi anayi pa mphindi imodzi, pamene wowunika ndi munthu yemwe uja amene akuthamangira kukakwera kabaza wa ku Katoto isanayambe mvula.