Chigayo chaima pakati pa zokolola: vuto lili pa kasankhidwe ka njira yosamalira makina

Kukolola kwangotha, matumba aunjikana pakhomo, koma zigayo ndi makina okonola mpunga a makopaletivi ambiri ali zii. Mukafunsa, yankho ndi limodzimodzi: belingi ya shafiti yapsa, makaniko wapita kutauni kukasaka ina. Chokhumudwitsa n'chakuti ena mwa makomiti a makopaletivi amenewa anakhaladi pansi n'kupatsa malikisi njira zitatu zosamalira makina: kudikira chiwonongeke, kusintha zitsulo pa nthawi yoikika, ndi kumayeza thanzi la makina. Komabe anasankha kudikira.

Analakwitsa pogawa kulemera kwa mfundo, kutanthauza kufunika kwa mfundo iliyonse yomwe anaiganizira posankha. Tiyese ndi manambala achitsanzo. Msungichuma akapatsa mtengo 50, nthawi yoima makina 20, chitetezo 15, kupezeka kwa luso ndi zitsulo 15, ndiye kudikira chiwonongeke kupeze malikisi 9, 2, 3, 9 pomwe kuyeza thanzi kupeze 5, 8, 8, 5, mukachulukitsa n'kuphatikiza mupeza 670 kwa 605. Kudikira kwapambana. Tsopano mtengo ukhale 25, nthawi yoima 45, zinazo osasintha: 495 kwa 680. Makina omwewo, malikisi omwewo, yankho latembenuka. Njira yongophatikizayi imalola kutchipa kukwirira ngozi, ndipo amene wagwira cholembera ndiye wasankha kale.

Mtengo umene amauwerengawo ndi wa belingi yokha. Sawerenga kuti belingi ikagwira imakanda shafiti, shafiti ikayamba kugwedezeka mahamala amang'amba sefa, lamba amapsa, mota imakoka magetsi mopitirira. Sawerenga masiku oima, m'miyezi yomwe chigayo chimapezera ndalama za chaka chonse. Mlimi wina anabwera ndi matumba asanu ndi limodzi pangolo, anagona pakhonde la chigayo masiku awiri, lachitatu analipiranso ngolo kupita kuchigayo cha kutsidya. Akuti mpaka lero amadutsa pachigayo choyambacho osacheuka. Kasitomala wotereyu alibe mzere wake m'buku la msungichuma.

Tasiyani zoti "bola chikuzungulira". Njira yothandiza kusankha yotchedwa AHP (Analytic Hierarchy Process), yomwe Thomas Saaty anaikonza m'zaka za m'ma 1970, inapangidwira vuto lomweli. Simugawa kulemera mwamutu. Mumayerekeza mfundo ziwiriziwiri pa sikelo ya 1 mpaka 9. Mfundo zinayi zimafuna mafunso 6, zisanu ndi ziwiri zimafuna 21, choncho musachulutse. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imagwira wodzitsutsa: mukati mtengo ukuposa nthawi yoima, nthawi yoima ikuposa chitetezo, kenaka chitetezo chikuposa mtengo, chiwerengero cha kusagwirizana chimadumpha 0.1 ndipo muyenera kubwereza. Akatswiri ofufuza Bevilacqua ndi Braglia anaigwiritsa ntchito m'chaka cha 2000 pa fakitale yoyenga mafuta ku Italy, ndipo sanasankhe njira imodzi ya fakitale yonse. Anayamba agawa makina m'magulu malinga ndi kuopsa kwa kuima kwake.

Njira ina yothandiza kusankha, TOPSIS, ya akatswiri Hwang ndi Yoon ya 1981, imayeza kuti njira iliyonse yosamalira makina yayandikira bwanji yabwino kwambiri ndipo yatalikira bwanji yoipitsitsa. Imakoma mukakhala ndi manambala enieni, makwacha ndi maola oima olembedwa m'buku. Koma kulemera kwa mfundo imakulandira kuchokera kwa inu, ndiye mukaipatsa 50 wa msungichuma uja, ikubwezerani bodza lomwelo mwaulemu. Ndiponso njira zonse ziwirizi zimatha kusintha ndondomeko ya opambana mukangowonjezerapo njira yachinayi yosamalira makina, choncho yesani kawiri.

Chochita: mafunso a AHP ayankhidwe ndi woyendetsa makina, makaniko ndi msungichuma pamodzi. Werengerani chitsulo chilichonse pachokha. Sefa ndi malamba mutha kudikira zithe, bola zina zili m'sitolo. Mabelingi a shafiti ndi mota aziyezedwa kutentha tsiku lililonse pa ola lomwelo, n'kulemba. Kupitirira madigiri 70, moyo wa girizi umatsika ndi theka pa madigiri 15 aliwonse, ndipo kudzaza girizi wambiri kumatenthetsanso. Mahamala atembenuzidwe kapena kusinthidwa onse pamodzi, olemera mofanana, apo ayi kugwedezeka kudya belingi yatsopanoyo nyengo isanathe.