Momwe mungayambitsire ana olankhula Chisipanishi kuwerenga kusukulu ya mkaka

Mukapeza ntchito m'kalasi ya Head Start ku Texas kapena ku California, mudzakumana ndi ana a zaka 3 ndi 4 omwe kwawo amangolankhula Chisipanishi. Pulogalamu ya boma la America imeneyi idayamba mu 1965 pofuna kuthandiza ana a m'mabanja osauka.

Yambani ndi makolo. Auzeni apitirize kucheza ndi mwana, kumuimbira ndi kumufotokozera nthano m'Chisipanishi. Ena amaopa kuti zinenero ziwiri zimusokoneza, koma mwana wodziwa kukamba nkhani mwatsatanetsatane m'chinenero chake amagwiritsa ntchito luso lomwelo akafika pa Chingerezi. Ngakhale California, yomwe mu 1998 idalamula kuti ana aziphunzira m'Chingerezi, idafewetsa lamulolo mu 2016.

Kenako maphatikizo, ndipo apa ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi. Chisipanishi chili ndi malembo a liwu 5, a e i o u, otchulidwa pafupifupi momwe timawatchulira ife, ndipo ana ake amayambira pa ma me mi mo mu. Ombani nawo m'manja potchula mayina awo: Ca-mi-la katatu, Jo-sé kawiri. Mukatero pitani ku mawu ngati me-sa ndi pe-lo-ta, mwana atagwira tebulo kapena mpira weniweniwo. Koma samalani, h satchulidwa, j amamveka ngati h wa kukhosi, b ndi v amamveka chimodzimodzi. Musathamangire malembo a liwu a Chingerezi. Amenewo amavutitsa ndi akuluakulu omwe.

Powerenga buku, musamangolakatula ana ali duu. Lozani chithunzi, funsani kuti galuyu akupita kuti. Mwana akayankha m'Chisipanishi, vomerani yankholo, kenako libwerezeni m'Chingerezi mutawonjezerapo mawu amodzi kapena awiri. Buku lomwelo muliwerenge kangapo pa sabata, ndipo sankhani mawu ofanana m'zinenero zonse monga familia ndi family, elefante ndi elephant.

Padzapezeka mwana yemwe angokhala chete kwa milungu kapena miyezi. Ameneyo akumvetsera, ndiye musamukakamize kuyankha pagulu. Mulole aloze chala kapena agwedeze mutu. Mudere nkhawa pokhapo makolo akanena kuti ngakhale Chisipanishi sakulankhula bwino kunyumba. Zikatero pemphani kuti katswiri wa kalankhulidwe amuyeze m'zinenero zonse ziwiri.