Kukonza dongosolo lomanga dziwe losambiriramo la anthu onse m'tauni

Khonsolo ikafuna kumanga dziwe losambiriramo, iyambe yawerengera anthu amene adzakhale m'tauniyo zaka 25 zikubwerazo, osati amene alipo lero okha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti chiwerengero cha anthu m'Malawi chinkakwera ndi 2.9 peresenti pachaka, ndipo zikapitirira chotero ndiye kuti anthu amawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 25. Choncho malo osankhidwawo akhale otakasuka kuti mtsogolo adzathe kuwonjezerapo dziwe lina, komanso akhale pafupi ndi sukulu ndi msewu wodutsa maminibasi.

Kenako pagwirizanidwe za kukula kwake. Dziwe la mipikisano ikuluikulu limatalika mamita 50, koma kwa tauni yaing'ono la mamita 25 n'lokwanira, bola pambali pakhale kadziwe kosaya kophunziriramo ana.

Pofunika kudekha kwambiri ndi pa madzi ndi magetsi, chifukwa kumanga kumachitika kamodzi pamene kusamala n'kwa tsiku ndi tsiku. Dziwe la mamita 25 mulitali, 12.5 mulifupi ndi 1.5 kuya kwake limalowa malita oposa 460,000, ndipo madziwo ayenera kumazungulira m'masefa ndi kuthiridwa klorini, pH yake (muyeso wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi) isatuluke pakati pa 7.2 ndi 7.8. Mapampu akaima masiku angapo magetsi atazima, madzi amachita ndere, n'chifukwa chake sola kapena jenereta ilembedwe m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Malipiro a opulumutsa anthu omira, amene kawirikawiri amaiwalika, awerengeredwenso mtengo wolowera pakhomo usanakhazikitsidwe.