Amphaka opanda mwini akuchulukirani? Momwe mungawagwirire ndi kuwatseketsa

Kuseri kwa malesitilanti, m'misika, pazigayo ndi m'makhitchini a sukulu zogonera komweko zimayamba mofanana: pamabwera mphaka mmodzi, anthu n'kukondwa kuti makoswe aona zakuda, chaka chisanathe usiku osagonanso ndi kulira. Chiwerengero chimakwera msanga chifukwa wamkazi atha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere lake ndi la masiku 63 mpaka 65, amaswa ana 3 mpaka 5 nthawi zambiri, ndipo atha kuswa kawiri kapena katatu pachaka.

Ambiri amathamangira thumba n'kukawataya kutali, ena amathira tameki m'nsomba. Pamalo pamene pali chakudya sipakhalitsa popanda mphaka: mukachotsa awa, pabwera ena osabayidwa katemera n'kuyambiranso kuswana. Poizoniyo amaphanso agalu ndi nkhuku za eni, ndipo pamsika pamasewera ana. Chimene chimathandiza ndi kuwagwira, kuwatseketsa kwa dokotala wa ziweto, kuwabayitsa katemera wa chiwewe, n'kuwabwezera pomwe munawatenga.

1. Azolowetseni nthawi ya chakudya, muwawerenge

Kwa masabata awiri adyetseni pamalo amodzi, nthawi imodzi, makamaka chakumadzulo phokoso likachepa. Pakatha mphindi 30 chotsani mbale, apo ayi mukuweta makoswe ndi nyerere. Lembani m'kope mtundu wa ubweya wa aliyense ndipo muwajambule pafoni. Wa mawanga amitundu itatu, oyera, akuda ndi ofiirira, pafupifupi nthawi zonse amakhala wamkazi. Wa mutu waukulu, masaya otupa ndi zipsera kumaso ndi wamwamuna wosafula. Onetsetsani amene ali ndi bere ndi amene akuyamwitsa.

Funsaninso oyandikana nawo, chifukwa ena mwa amphakawo ali ndi eni ake, amangobwera kudzadya. Uzani wapampando wa msika ndi alonda. Mlonda akapeza msampha usiku asakudziwa kanthu, amautsegula, kapena m'mawa mumamva kuti mukuchita zamankhwala.

2. Dokotala kaye, msampha pambuyo

Musagwire mphaka musanapangane tsiku. Mabungwe osamalira zinyama alipo: ku Lilongwe kuli LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo m'maboma ena yambirani ku ofesi ya za ziweto akulozereni dokotala wochita opareshoni. Funsani kuti angathe angati patsiku, ndipo munene poyera kuti ndi amphaka osagwirika. Pemphani zinthu zitatu: ulusi wosokera bala wosungunuka wokha, chifukwa mphakayo simudzamugwiranso kuti akachotse, katemera wa chiwewe, ndi kudula nsonga ya khutu lakumanzere pafupifupi sentimita imodzi ali chigonere. Khutulo ndiye chizindikiro chanu. Popanda ilo mudzalipira kawiri kutsegula mimba yotsekedwa kale.

Wamkazi ndi wokwera mtengo kuposa wamwamuna poti amatsegula pamimba, ndipo mukabweretsa ambiri pamodzi nenererani mtengo. Ndalama zikachepa yambani ndi aakazi. Koma cholinga chikhale onse, kapena osachepera atatu mwa anayi aliwonse, chifukwa otsalawo amadzaza malo msanga.

Chenjerani ndi anyamata oyenda ndi chikwama amene amati amafula mbuzi ndiye mphaka ndi chimodzimodzi. Mphira womangira mbuzi kapena lezala popanda mankhwala ogonetsa zimasiya bala lowola, mphakayo n'kukafera pansi pa kontena. Wamkazi sangamuyerekeze n'komwe.

3. Msampha

Wabwino ndi wa waya, wotalika masentimita 75 mpaka 80, m'lifupi ndi msinkhu pafupifupi 30, wokhala ndi kachitsulo kopondapo kamene kamagwetsa chitseko. Yambani mwafunsa ngati mungabwereke kumene mukachititse opareshoni. Mukapangitsa kwa owotcherera, yendetsani dzanja m'kati monse kufufuza nsonga za waya, ndipo muyese kopondapo ndi botolo la madzi la theka la lita: kakapanda kugwetsa chitseko, ana amphaka adzadya nyambo n'kutuluka. Auzeni aikenso kachitseko kokoka kumbuyo. Owotcherera ambiri amakasiya kuti achepetse ntchito, koma ndi pomwe mudzalowetsere chakudya osalumidwa.

4. Kugwira: apa ndi pamene ntchito imaonongekera

Mphaka amaphunzira poona. Mukakhala ndi msampha umodzi n'kumagwira mmodzi lero, wina mawa, oyamba kulowa ndi aamuna adyera ndi ana. Enawo amakhala chapatali kuonerera mnzawo akudziwombetsa ku waya, ndipo kuyambira tsiku limenelo salowanso. Otsalawo nthawi zambiri ndi aakazi akuluakulu ochenjera, omwe ndi amene akuswa. Pakatha miyezi 6 ndalama zapita koma ana ali mbwee. Choncho sonkhanitsani misampha yokwanira amphaka onse amene dokotala wavomera tsiku limenelo, ndi umodzi wapadera.

Musatchere tsiku loyamba. Mangani zitseko ndi waya kuti zisagwe, ndipo kwa masiku 4 mpaka 7 muziika chakudya pakhomo pa msampha, mawa lake pakati, kenako kumapeto kwenikweni. Pansi yalani katoni kapena nyuzipepala yopinda, poti sakonda kuponda waya; kukakhala mphepo katoni ndiye wabwino, pepala likamauluka amathawa. Msampha ukhale pamalo osalala. Ukagwedera ataponda mwendo umodzi, wabwerera.

Maola 24 musanatchere asadye kanthu, madzi okha. Apa ndi pamene amayi a lesitilanti yoyandikana nayo amawamvera chisoni n'kuwakhuthulira makombo, inu n'kudikira usiku wonse pachabe. Apempheni mwaulemu kudakali masiku, ndipo zinyalala za tsikulo zivundikiridwe.

Nyambo ikhale ya fungo: usipa wokazinga, matemba kapena nsomba za m'chitini. Supuni imodzi kumapeto, kuseri kwa kopondapo, ndi timadontho ta mafuta ake kuchokera pakhomo. Mukachulutsa pakhomo amakhuta asanalowe. Musaike chitini chenichenicho m'kati, chimacheka kukamwa akayamba kulimbana.

Imani patali poti mukuona. Chitseko chikangogwa, fundikani msampha wonse ndi chitenje kapena bulangete, muuchotse pamalopo. Mumdima amadekha nthawi yomweyo. Mukamusiya poyera amadzisupula mphuno ndi kuthyola zikhadabo, anzake akuona. Musasiye msampha wotchera usiku wonse popanda munthu: kuli agalu, linthumbu, mvula, ndi akuba zitsulo. Wa khutu lodula akalowa, mutulutseni.

Kwa wokana kulowa, gwiritsani nzeru ija ya ana yotchera mbalame ndi lichero: bokosi lalikulu la matabwa ndi waya, lopanda pansi, lotsamira pa kamtengo komangirira chingwe chachitali. Ubwino wake mumasankha nokha woti mumugwetsere. Likhale ndi kachitseko pambali kogundanitsa ndi msampha kuti asamukiremo, ndipo mukoke pokhapokha thupi lonse ndi mchira zili m'kati, akudya.

Woyamwitsa ana osakwana mwezi ndi bwino kumudikira mpaka anawo atayamba kudya okha. Akagwidwa mwangozi, uzani dokotala ayambe ndi iye kuti abwerere kwa ana asanathe maola 24. Amapitiriza kuyamwitsa ngakhale atatsekedwa.

Dzanja lisalowe mumsampha zivute zitani. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikaonetsa zizindikiro sichichizika.

5. Ulendo ndi kuchira

Agone m'misampha momwemo, ofundikidwa, m'chipinda chotseka. Akuluakulu asadye usiku woti mawa ndi opareshoni. Za ana funsani dokotala, sapirira njala. Ana amatsekedwa akafika miyezi 2 ndi kulemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Pagalimoto yalani pulasitiki, ndipo musawaike m'buti yotseka kapena padzuwa kumbuyo kwa pikapu.

Akabwerako, thupi lawo silitha kudzitenthetsa mankhwala ogonetsa asanathe. Mu June ndi July musaike msampha pa simenti. Sanjikani pa matabwa kapena makatoni. Akadzuka bwinobwino apatseni madzi ndi chakudya pang'ono. Amuna abwezeni pakatha maola 24, aakazi osayamwitsa 48, kapena kuposerapo ngati anali ndi bere. Magazi osasiya, kutupa kwa bala kapena kusadzuka, imbirani dokotala. Panado ayi: ngakhale m'bulu umodzi umapha mphaka.

6. Kubwezera ndi kusamala

Atulutsireni pamalo penipeni pamene munawagwira, chitseko chitaloza kobisala osati kumsewu. Ena amasowa masiku awiri kapena atatu, amabwera. Tsukani misampha musanatcherenso, fungo la mantha limatsalira.

Pitirizani kudyetsa kamodzi patsiku ndi madzi oyera. Nsima yokha sikwanira, mphaka ndi wa nyama. Ndiwo za anyezi ndi adyo wambiri zimamuononga magazi, mkaka wa ng'ombe umamutsegula m'mimba. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin asawakhudze. Zoti wofulidwa sagwira makoswe ndi nkhambakamwa. Chimene chimachepa ndi ndewu, kulira kwa usiku ndi fungo la mkodzo. Ana osapitirira masabata 8 amazolowera anthu, apezereni makomo. Kope lija lisatayike: mlendo aliyense wa makutu athunthu akaonekera pa mbale, panganani tsiku ndi dokotala sabata yomweyo.