Momwe mungaphunzirire aneni a Chingerezi pamodzi ndi mawu amene amayenda nawo

Makalata ambiri ofunsira ntchito amatha ndi mawu akuti “I look forward to hear from you.” Wolembayo amakhala atasankha mawu aulemu, sipelo ya liwu lililonse ili bwinobwino, koma chiganizo chonsecho n’cholakwika. Cholondola ndi “I look forward to hearing from you.” Anthu ambiri amene anafika ku sekondale amadziwa mawu a Chingerezi ankhaninkhani ndi matanthauzo ake. Pamene amapunthwa ndi pa mawu obwera pambuyo pa mneni. Nkhaniyi si yocheza nayo, poti munthu akalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE satenga satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse.

Palibe Mchewa amene anganene kuti “chimanga wabwino afika”. Khutu limakana munthu asanaganize n’komwe za lamulo, chifukwa kuyambira tili ana takhala tikumva “chimanga chabwino chafika”. Chingerezi nachonso chili ndi mgwirizano wake, kungoti wagona pena: mneni aliyense ali ndi mawu amene amalola kuti amutsatire ndi ena amene amawakana. Ntchito yanu ndi kuzoloweretsa khutu ndi dzanja mgwirizano umenewo, ndipo mungayambe motere.

Sinthani kalembedwe ka m’kope lanu

Ambiri tinaphunzitsidwa kulemba liwu kumanzere, tanthauzo lake kumanja. Njira imeneyi imathandiza powerenga, koma polemba imakusiyani panjira. Gulani kope lapadera ndipo musalembemo liwu lili lokha. M’malo mwa “accuse” lembani “accuse somebody of stealing”. M’malo mwa “congratulate” lembani “congratulate somebody on passing”. Chimodzimodzinso afotokozi: “good at maths”, “interested in farming”, “married to a nurse”, “responsible for the stores”. Pansi pa chilichonse ikani chiganizo chanuchanu chokhudza moyo wanu, chokhala ndi dzina la mudzi wanu kapena ntchito yanu. Chiganizo chokopera m’buku chimaiwalika msanga.

Werengani dikishonale kupitirira tanthauzo

Madikishonale olembera anthu ophunzira Chingerezi anapangidwira vuto lomweli. A. S. Hornby, Mngelezi amene ankaphunzitsa ku Japan, anaona kuti ophunzira ake amadziwa mawu koma sadziwa kuwalumikiza. Dikishonale imene analemba ndi anzake inatuluka ku Tokyo mu 1942, kenako Oxford University Press inaisindikiza mu 1948, ndipo ndi imene lero timaidziwa kuti Oxford Advanced Learner’s Dictionary. Hornby anagawa kayendedwe ka aneni m’magulu 25. Mukapeza buku lakale m’laibulale ya pasukulu mudzaona tizizindikiro ngati VP6A pambali pa mneni. Ndi magulu amenewo.

M’mabuku atsopano, ndi pa intaneti pomwe mungaone ulere pafoni, zizindikiro zake n’zosavuta. M’buku “sb” akuimira munthu, “sth” akuimira chinthu. Mukaona “prevent sb from doing sth”, musathamangire tanthauzo ayi. Mzere umenewo ndiwo muyenera kukopera, chifukwa ukukuuzani kuti pambuyo pa munthuyo pakubwera “from”, ndipo mneni wotsatira atha ndi “-ing”. Onaninso ngati mneniyo ndi woyambukira (wotsatidwa mwachindunji ndi munthu kapena chinthu chochitidwa) kapena wosayambukira, zomwe ambiri amazisonyeza ndi T ndi I.

Khalani nthawi pa “to” ndi “-ing”

Apa ndiye pali ntchito yaikulu, ndipo musapupulume. M’Chichewa mneni wachiwiri amangotenga “ku-” basi: ndikufuna kupita, ndasiya kusuta, ndimakonda kuwerenga. Chingerezi chimagawa ntchito imeneyi pawiri. Aneni ena amafuna “to”: want, decide, hope, refuse, promise, agree, manage. Ena amafuna “-ing”: enjoy, avoid, finish, mind, keep, consider, suggest. Motero “She refused to pay” n’cholondola, “He avoided paying” n’cholondolanso, koma “I enjoy to read” ayi. Aphunzitsi ena amati a “to” nthawi zambiri amayang’ana zimene sizinachitike, ndipo zimathandizadi kukumbukira want, hope ndi promise. Koma musadalire kwambiri, poti “consider” ndi “suggest” nawonso amanena za m’tsogolo koma amatenga “-ing”. Gawani tsamba pakati, gulu lina uku, lina uko, muziwonjezera mukakumana ndi mneni watsopano.

Pali aneni ochepa amene amalola zonse ziwiri, koma tanthauzo limasintha. “He stopped smoking” ndiye kuti munthuyo analeka fodya. “He stopped to smoke” ndiye kuti anaima panjira kuti asute. “Remember to lock the door” ndi chikumbutso cha zimene muyenera kuchita, pamene “I remember locking the door” ndi munthu amene akukumbukira kuti anakhoma kale. Wogwira ntchito ya ulonda kapena ya m’sitolo akasokoneza ziwirizi polemba lipoti, akhoza kudziika m’mavuto pa nkhani imene sanalakwe.

Lamulo limodzi lokha ndi limene silisintha: mneni akabwera pambuyo pa mperekezi (liwu ngati “for”, “without” kapena “of”), amatha ndi “-ing”. N’chifukwa chake timati “thank you for coming”, “without asking”, “instead of waiting”. Chimene chimasokoneza n’chakuti “to” nthawi zina ndi mperekezi. Kuti mudziwe, yesani kuika dzina pambuyo pake. “I look forward to the meeting” zikumveka, ndiye kuti “to” ameneyo ndi mperekezi, ndipo mneni womutsatira akhala “hearing” kapena “meeting”. “I want to the meeting” sizikumveka, ndiye kuti pamenepo mneni akhala wopanda “-ing”. Kuyesa komweku kumasiyanitsa “I am used to walking”, kutanthauza kuti ndinazolowera kuyenda pansi, ndi “I used to walk”, kutanthauza kuti kale ndinkayenda pansi.

Musaiwale “make” ndi “let”, amene safuna “to” n’komwe: “The teacher made us kneel”, “Let me go”. Koma chiganizo cha “make” chikatembenuzidwa, “to” amabwerera: “We were made to kneel.”

Dziwani pamene Chichewa chimakukokerani

Zolakwa zambiri zimene timapanga sizichokera ku umbuli. Zimachokera ku chiyankhulo chimene tikuganizira, ndipo mukadziwa gwero lake mumazigwira zisanatuluke.

Timati “tikambirane za ndalama”, ndiye dzanja limalemba “discuss about money”. Mneni “discuss” safuna “about”: “discuss the budget”. Momwemonso “request a transfer”, “emphasise the point”. Chimene chimakulitsa chisokonezo n’chakuti mayina ochokera kwa aneni omwewa amatenga mperekezi: “a discussion about”, “a request for”, “emphasis on”. Lembani mneni ndi dzina moyandikana m’kope kuti diso lizolowere kusiyana kwake.

Kwina timachotsa mawu ofunika. Chichewa chimalowetsa munthu wochitiridwa m’kati mwa mneni momwe, ndi “-ira” kapena “-era”: ndifotokozereni, ndiyankhireni. Choncho “explain me” imamveka bwino kwa ife, koma Chingerezi chimafuna “explain it to me”. “Tell” amatenga munthu mwachindunji, “tell me”, pamene “say” amafuna “to”: “she said to me”. Ndipo poti “ndibwerekeni cholembera” ndi “ndabwereka cholembera” ndi mneni mmodzi, “borrow me your pen” yafala ponseponse. Wopereka amachita “lend”, wolandira amachita “borrow”: “lend me your pen”, “may I borrow your pen”.

Pa zolakwa zimenezi onjezani “I am having two children”, pomwe payenera “I have”, ndi mayina osawerengeka amene timawaika “-s”: advice, information, furniture, equipment, luggage. Dikishonale imawaika chizindikiro cha U.

Ine sindiona chifukwa chosekera munthu amene wanena “borrow me” mu minibasi kapena kumsika. Aliyense wamumva, ndipo chiyankhulo chagwira ntchito yake. Koma wochonga mayeso ndi wolemba anthu ntchito amayeza ndi Chingerezi cha m’mabuku, ndipo mwana wa kumudzi amene sanauzidwepo zimenezi amataya malikisi pa chinthu chimene akanachikonza m’masabata ochepa.

Sakani nokha, kenako dzichongeni

Tengani nkhani imodzi ya m’nyuzipepala, kaya The Nation kaya The Daily Times, kapena ya BBC pafoni. Dulani mzere kunsi kwa mneni aliyense pamodzi ndi mawu awiri kapena atatu omutsatira. Mudzapeza zinthu ngati “urged farmers to plant”, “denied taking”, “charged him with theft”. Chimene chakudabwitsani chitsimikizeni m’dikishonale musanachikopere, poti atolankhani nawonso amaphonya. Kenako sinthani mawu koma mafupa a chiganizo akhale omwewo: “urged parents to pay”, “urged the chief to come”. Zitchuleni mokweza, kangapo, mpaka “urged” azikoka yekha munthu ndi “to”.

Musanatumize kalata, imelo kapena ndime ya mayeso, iwerengeni kawiri. Ulendo woyamba muone ngati mfundo zikumveka. Wachiwiri muziima pa mneni aliyense n’kuyang’ana liwu lotsatira: kodi pakufunika mperekezi, ndipo ngati akufunika ndi uti? Kodi mneni wachiwiri atenge “to” kapena “-ing”? Pamene mwakayikira, tsegulani kope lanu, ndipo ngati mneniyo mulibe, mulembenimo tsiku lomwelo.